Kanema wa 3D ndi maso anu: mafunso omwe anthu amandifunsa akangovula magalasi aja

Ine za 3D ndinaziyamba mwachibwana, mafoni awiri ofanana nditawamanga pakathabwa ndi mphira, kenako kukhala usiku wonse pa kompyuta kuyesa kulumikiza zithunzi ziwirizo. Oyamba kuonera anali apabanja panga ndipo mlamu wanga sanathe ndi mphindi zisanu zomwe, anavula magalasi nkunena kuti aise izi zikundikoka maso. Anali ndi mfundo. Kuyambira pamenepo mafunso ake amakhala omwewomwewo kulikonse komwe ndaonetsa, ndiye ndangoti ndiwayankhe pamodzi.

Kodi 3D imeneyi imatheka bwanji, chikhalirecho sikirini ndi yafulati?

Imikani chala patsogolo pa mphuno, tsinzinani diso lamanzere, kenako tsegulani nkutsinzina lamanja. Chala chija chikudumpha eti? Sichikusuntha ayi, koma maso anu ali pamalo awiri osiyana, kwa munthu wamkulu amatalikirana mamilimita 63 kapena 65 penapake pamenepo, ndiye diso lililonse limaona dziko mosiyanako pang'ono. Ubongo umatenga kusiyana kumeneko nkuwerengera kuti ichi chili pafupi, icho chili kutali. Chinthu chapafupi chimadumpha kwambiri, phiri lakutali silidumpha nkomwe.

Kanema wa 3D amangobera njira yomweyo basi. Makamera awiri, zithunzi ziwiri, ndipo ntchito ya magalasi ndi kuonetsetsa kuti chithunzi cha kumanzere chalowa diso lamanzere lokha, cha kumanja diso lamanja lokha. Nzeru yake ndi yakalekale, Charles Wheatstone wa ku England anaifotokoza mu 1838 pogwiritsa ntchito magalasi oonerapo nkhope ndi zithunzi zojambula pamanja, nthawi imeneyo kamera isanafike ngakhale mmanja mwa anthu.

Ndiye kuti munthu wa diso limodzi saona kuti chinthu chili pafupi kapena kutali?

Amaona bwinobwino, amayenda, amakwera njinga, ena amayendetsa galimoto. Ubongo uli ndi zizindikiro zambiri: chinthu chikaphimba chinzake ndiye kuti chili patsogolo, msewu umaoneka ukuchepa ukamapita kutali, mapiri akutali amatuwa, ukasuntha mutu zapafupi zimathamanga kuposa zakutali. Nchifukwa chake filimu wamba siioneka yafulati. Chomwe maso awiri amawonjezera chimamveka kwambiri pa zinthu zapafupi, yesani kulowetsa ulusi pa singano diso limodzi mutatsinzina muone mmene mutalakwitsire.

Nkhani yoseketsa ndi yoti House of Wax, imodzi mwa mafilimu a 3D otchuka a 1953, anaitsogolera ndi André de Toth, bambo amene anali ndi diso limodzi. Iyeyo 3D ya filimu yake yomwe sankatha kuiona.

Nanga mutuwu umapwetekeranji?

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo ndikhalitsapo. Mukamayang'ana chinthu maso amachita ntchito ziwiri nthawi imodzi. Yoyamba, amatembenuka onse awiri kuti aloze pa chinthucho, chikayandikira amapendekera mkati chakumphuno, chikatalikira amawongoka. Yachiwiri, mkati mwa diso muli kagalasi kofewa komwe minofu imakafinya kapena kukamasula kuti chithunzi chisaoneke chimbuuzi. Chibadwire chanu ntchito ziwirizi sizinasiyanepo, zili ngati ng'ombe ziwiri pagoli limodzi, kumene ikupita ina inzake ikupitanso komweko, ndipo mu ubongo ndi zolumikizana moti imodzi ikasuntha inayo imatsatira yokha osaiuza.

Ndiye mwavala magalasi, filimu ikuti mkondo uwu uli mita imodzi kuchokera pamphuno panu. Maso apendekera mkati kuti aloze pa mita imodzi ija. Koma kuwala konse kukuchokera pa sikirini yomwe ili pomwe inali, ndiye kagalasi ka mdiso kakuyenera kukhalabe pa mtunda wa sikirini, kakatsatira mkondo chithunzi chichita chimbuuzi. Ng'ombe ina ikukokera kuno ina uko. Maso amakwanitsa ndithu, koma ndi ntchito yomwe sanaizolowere, ndipo mukaigwira kwa maola awiri, mtunda ukusinthasintha shoti iliyonse, mapeto ake ndi maso olemera, kuwawa pakati pa nsidze, ena misozi, ena litsipa lenileni. Kukokana kumeneku akatswiri amakutcha vergence-accommodation conflict, ndipo gulu la Martin Banks ku yunivesite ya California, Berkeley linaonetsa mu 2008 kuti mkangano umenewu pawokha, popanda vuto lina lililonse pa chithunzi, umatopetsa maso. Iwo anapanga makina oti amatha kuchotsa kapena kubwezera mkanganowo, anthu nkumanena okha pomwe akutopa.

Chomwe ndimafuna anthu amve ndi ichi: mkanganowu ukakhala waung'ono maso sadandaula. Pali kagawo kozungulira sikirini, patsogolo pang'ono ndi kumbuyo pang'ono, komwe zonse zimayenda myaa. Mutu umayamba wojambula akatuluka mkagawo kameneka nkukhalitsa kunjako. Nthawi zambiri olakwa si maso anu.

Bwanji kuholo ya kanema ndimapirira koma pa TV kapena pa foni ndimatopa msanga?

Mtunda. Kagalasi ka mdiso kamagwira ntchito yaikulu pa zinthu zapafupi, koma kuyambira mamita angapo kupita kutsogolo sikasintha kwenikweni, chinthu cha pa mamita 6 ndi cha pa mamita 20 kwa iko ndi chimodzimodzi. Kuholo sikirini ili kutali, ndiye chinthu chitha kutuluka mamita ambiri ndithu mkangano usanakule. Pa foni yomwe mwaigwira masentimita 30 kuchokera kumaso, kutuluka masentimita 10 okha ndi katundu wolemera kale. Gulu la ku Berkeley lomwe lija linapezanso mu 2011 kuti sikirini ikakhala pafupi zovuta kwambiri ndi zinthu zotulukira kwa inu, ikakhala kutali zovuta ndi zomwe zakankhidwira mkati kwambiri.

Koma zinthu zikamatuluka kubwera kumaso si ndiye kukoma kwake?

Kwa masekondi awiri inde. Ana amakuwa, akulu amabakha mutu, aliyense waseka. Zinayamba kale izi, Bwana Devil ya 1952, filimu ya mikango yodya anthu omanga njanji ku Kenya, ankaitsatsa pouza anthu kuti mkango udzakhala pamiyendo pawo. Koma onani kuti kutchuka kwa 3D nthawi imeneyo sikunathe ndi zaka zitatu zomwe. Ankagwiritsa ntchito mapulojekita awiri, ina ikangotsalira pang'ono kapena filimu ikaduka nkuilumikiza molakwika, holo yonse imatuluka itagwira mutu.

Palinso vuto lina la zinthu zotulukira lomwe ambiri salidziwa dzina koma amalimva. Tinene munthu waima patsogolo pa sikirini koma phewa lake ladulidwa ndi m'mphepete mwa sikiriniyo. Maso awiri akuti munthuyu ali pafupi kuposa sikirini. Koma m'mphepete mwamuphimba, ndipo ubongo umadziwa kuti chophimba chinzake ndiye chili patsogolo. Mboni ziwiri zikutsutsana, ubongo usowa woti umukhulupirire, mbali imeneyo imangooneka ikunyezimira modabwitsa. Ojambula odziwa amaonetsetsa kuti chotuluka chili pakati, chosakhudza m'mbali. Avatar ya James Cameron mu 2009 anthu ambiri anaipirira ngakhale ndi yaitali kupitirira maola awiri ndi theka, ndipo mukaionetsetsa zambiri zili mkati mwa sikirini ngati mukusuzumira pawindo, zokulasani mmaso ndi zochepa.

Ndiye kukankhira zinthu mkati kulibe malire?

Alipo, ndipo awa ndi okhwima kuposa akutsogolo. Chinthu chikakhala kutali kwambiri maso amawongoka nkuyang'ana mofanana, pamenepo ndiye pothera. Kuti achite kutembenukira kunja, lamanzere kumanzere lamanja kumanja, chilengedwe sichinawapangire zimenezo. Pa sikirini zikutanthauza kuti chithunzi cha diso lamanzere ndi cha diso lamanja zisatalikirane kuposa mmene maso anu atalikirana, masentimita 6 ndi theka aja.

Apa sayizi ya sikirini imapusitsa anthu. Mwakonza kanema pa TV ya mita imodzi mulifupi, phiri lakumbuyo zithunzi zake zatalikirana sentimita imodzi, zili bwinobwino. Kanema yemweyo mukamuika pa sikirini ya mamita 10, sentimita ija yasanduka masentimita 10, maso a aliyense akukokedwera kunja. Kanema wa 3D amakonzedwa poganizira sikirini yomwe adzaonetsedwe. Kuchoka pa yaikulu kupita pa yaing'ono palibe ngozi, kuya kumangochepa, koma kuchoka pa yaing'ono kupita pa yaikulu samalani.

Ine si mutu koma nseru ndi chizungulire. Ndi zomwezo?

Ayi, uyu ndi mlandu wina, wa maso ndi khutu. Mkati mwa khutu muli tiziwalo tomwe timamva ngati thupi likuyenda kapena kupendekeka. Mukamawerenga mameseji mu minibasi, khutu likuti tikuyenda maso akuti takhala, nseru. Mu 3D zimatembenuka, maso akuti tikuuluka pamwamba pa phompho khutu likuti takhala pampando. Filimu wamba ya kamera yogwedera imathanso kutero, koma 3D imanyengerera ubongo kwambiri ndiye mkangano umakula. Amene amadwala pa ulendo kapena amavutika ndi litsipa kawirikawiri ndi omwe zimawapeza msanga. Kukhala kumbuyo kumathandiza chifukwa mumaonako makoma ndi mitu ya anthu, zinthu zosayenda.

Magalasi aja amasiyana chani, ndipo bwanji chithunzi chimada?

Ofiira ndi obiriwira mobuluwira aja, a pepala, amasiyanitsa zithunzi ndi mitundu. Ndi otchipa, amagwira pa sikirini iliyonse, koma amaononga mitundu ndipo munthu akavala malaya ofiira diso lina limawaona owala lina akuda, maso nkumalimbana. Osawaonera filimu yonse amenewo. Chofiira chimakhala kumanzere, ndanena kale kwa ambiri.

Kuholo zambiri ndi a kampani ya RealD, apulasitiki otuwa opanda batire, amasefa kuwala malinga ndi mmene kukuzungulira. Pulojekita imodzi imasinthanitsa lamanzere lamanja ka 144 pa sekondi, ndipo ubwino wake mutha kupendeketsa mutu pang'ono osaonongeka. Maholo ena a IMAX, a masikirini akuluakulu aja, sefa yake ndi yowongoka, mukangopendeka mutu zithunzi zimalowana. A kampani ya Dolby amagawa mitundu mwaukadaulo, diso lililonse limalandira kufiira, kubiriwira ndi kubuluwa kwake kosiyanako pang'ono. Ndiye pali a batire omwe ankabwera ndi ma TV, amatseka diso limodzi kutsegula lina mothamanga kwambiri, ena amakumva kuphethira kumeneko makamaka nyali ya mnyumba ikayaka.

Onsewa amadya kuwala, kopitirira theka kumatayika panjira, ndiye holo ikakhala yoti nyali ya pulojekita yakalamba mumaonera ngati kunja kukuda. Mdima umatopetsa pawokha. Ndinalowapo holo ina, sinditchula, filimu yonse ngati ajambula madzulo, nditavula magalasi ndi pomwe ndinazindikira kuti nkhani ikuchitika masana.

Nanga kamzukwa kamene kamaoneka pambali pa zinthu?

Ndi chithunzi cha diso lina chikudonthera mdiso linzake, amati crosstalk. Chimaoneka kwambiri pomwe choyera chagundana ndi chakuda, nyali usiku, kapena mawu olembedwa pansi aja. Pukutani magalasi, wongolani mutu, khalani pakati. Zikapitirira ndi makina awo, si inu.

Ndikufuna kujambula ndekha ndi mafoni awiri. Ndisamale chani?

Zomwe zinamukoka maso mlamu wanga ndinazipeza patapita masiku. Foni imodzi inali itakwera pang'ono kuposa inzake, mwina mamilimita awiri, ndiye chithunzi china chinali mmwamba china mmunsi. Maso amalolera kusiyana kwa kumanzere ndi kumanja chifukwa ndi komwe anazolowera, koma kwa mmwamba ndi mmunsi amalolera kochepetsetsa, diso lina kuyang'ana mmwamba lina mmunsi ndi chilango. Chimenechi konzani poyamba pa kompyuta musanachite china chilichonse.

Chachiwiri nthawi. Mafoni awiri sayamba limodzi ngakhale mutadina pamodzi, ombani mmanja patsogolo pa makamera kuti mudzapeze polumikizira, komabe zinthu zothamanga ngati madzi kapena ovina zimavuta chifukwa kusiyana kwa theka la fulemu kumaoneka. Zimitsani zoti foni izisankha yokha kuwala ndi mtundu, apo ayi ina iwala ina ida. Makamera ayang'ane kutsogolo mofanana, mukawapendeketsera mkati ngodya za chithunzi zimapotoka mosiyana ndipo vuto la mmwamba ndi mmunsi lija labwereranso pakhomo lakuseri.

Pa kutalikirana kwa makamera pali lamulo lakale la ojambula zithunzi za 3D: mtunda wa chinthu chapafupi kwambiri muugawe ndi 30. Chapafupi chili mamita awiri, makamera atalikirane masentimita 6 kapena 7. Chili pa mita imodzi, masentimita atatu, ndipo apa mafoni awiri sangayandikane choncho, nchifukwa chake akatswiri amagwiritsa ntchito galasi lapadera, kamera ina kuyang'ana kudutsa pagalasilo ina kuchokera pamwamba. Lamuloli ndi poyambira chabe, pa sikirini yaikulu chepetsaninso.

Ndipo chonde onetsetsani kuti simunasinthanitse maso. Lamanzere likapita kumanja zakutali zimabwera pafupi, nkhope zimalowa mkati ngati mbale, koma chodabwitsa anthu ambiri sazindikira, amangoti china chake sichili bwino. Tembenuzani magalasi chadodolido, zikaoneka bwino ndiye kuti mwasinthanitsa.

Bwanji nthawi zina anthu amaoneka ngati tizidole, kapena ngati odulidwa pa katoni?

Makamera akatalikirana kwambiri mumaona ngati chimphona cha maso otalikirana mita, ndipo kwa chimphona anthu ndi tizidole. Akajambula ndi lenzi yokoka zakutali, munthu aliyense amakhala pamtunda wake koma iye mwini alibe thupi, wafulati ngati chikwangwani. Mpira unavutika nazo zimenezi. Pa World Cup ya 2010 ku South Africa magemu 25 anajambulidwa mu 3D, ndipo tchanelo cha ESPN 3D chinatsegulira ndi gemu ya South Africa ndi Mexico pa 11 June, ija Tshabalala anamenya chigoli choyamba. Koma kamera yaikulu ya mpira imakhala pamwamba kutali, komwe maso awiri saonjezera kanthu, ndiye kuti 3D imveke ankayenera kutsitsa makamera mmunsi pafupi ndi bwalo, kumene kuya kumakoma koma masewero saoneka bwino. ESPN 3D inatsekedwa mu 2013, BBC inaimitsa zake chaka chomwecho, ndipo pofika 2017 LG ndi Sony anali atasiya kupanga ma TV a 3D, Samsung itatsogola kale.

Mafilimu osinthidwa pa kompyuta kuchoka ku wamba ndi oipa?

Zimatengera nthawi yomwe anapatsa ntchitoyo. Clash of the Titans ya 2010 anaisintha mothamanga mmasabata ochepa ndipo inanyozedwa kwambiri. Titanic anaitenga mofatsa kupitirira chaka nkuitulutsa mu 2012, inatuluka bwino. Kunena zoona yosinthidwa mosamala nthawi zina imakhala yofewa mmaso kuposa yojambulidwa ndi makamera awiri, poti palibe kusiyana kwa kuwala kapena kupendekeka pakati pa maso. Pomwe imagwa ndi pa utsi, mvula, tsitsi ndi magalasi a mawindo.

Anzanga akukuwa koma ine sindikuona kusiyana kulikonse. Ndili bwino?

Simuli nokha, mwa anthu 100 alionse pamapezeka angapo omwe ubongo wawo sulumikiza zithunzi ziwirizo. Kawirikawiri zimachokera ku ubwana, diso limodzi linkayang'ana kumbali kapena linali lofooka, ubongo nkuzolowera kumvera limodzi lokha. Luso limeneli limayamba mwana ali ndi miyezi itatu kufika isanu ndipo limakhwima mzaka zoyambirira. Ambiri amazindikira koyamba ali mu holo ya 3D momwemo. Kapimitseni maso, mwina ndi nkhani ya mandala chabe, diso lina likuona bwino lina ayi. Pali nkhani yodziwika ya Bruce Bridgeman, pulofesa wa ku California, yemwe anakhala moyo wake wonse osaona kuya kotere, mu 2012 ali ndi zaka 67 anakaonera filimu ya Hugo mu 3D ndipo potuluka mitengo ndi magalimoto zinayamba kumuonekera motumphuka. Zoterezi ndi zapatalipatali, musagule tikiti ngati mankhwala.

Ngati mumavala mandala musawavule, magalasi a 3D avaleni pamwamba pake.

Ana aziona?

Maso a mwana ndi oyandikana kuposa a wamkulu, ndiye kuya komwe anakonzera akulu kwa iye kumakula, ndipo malire a kumbuyo aja amawafika msanga. Nintendo potulutsa kachipangizo kake ka magemu ka 3DS mu 2011 anachenjeza kuti ana a zaka 6 kutsika asamagwiritse ntchito 3D, ndipo bungwe la zaumoyo la ANSES la ku France mu 2014 linalangiza kuti osakwana zaka 6 asaonere, osakwana 13 azionera mwa apo ndi apo. Kumeneku ndi kusamala poti maso akukulabe. Ine mwana akayamba kutikita maso kapena kusuzumira pamwamba pa magalasi ndimangomuvula, sanganene kuti mutu ukuwawa koma wanena kale. Agogo mbali inayi mkangano wa kagalasi uja suwavuta kwambiri, kagalasi kawo kanauma kale ndi ukalamba ndiye kalibe mphamvu zokanganira.

Nanga za VR zovala kumutu zija?

Vuto ndi lomwe lija koma lili pamphuno penipeni. Magalasi amkati amachititsa kuti sikirini ioneke ngati ili mita imodzi ndi theka kapena awiri, ndipo imakhala pomwepo, ndiye chinthu mukachiyandikitsa kumaso mkati mwa gemu mkangano umakula. Chofunika kwambiri ndi kutchera kutalikirana kwa magalasi kuti kufanane ndi maso anu. VR ina yotchedwa Quest 2 ili ndi malo atatu, mamilimita 58, 63 ndi 68. Imani pagalasi ndi rula muyeze kuchokera pakati pa diso lina kufika pakati pa linzake. Timabokosi toikamo foni tija, mtundu wa Google Cardboard wa 2014, tambiri sititcheredwa nkomwe ndipo foni imachedwa kutsatira mutu, nseru yake imabwera ngati mvula ya masana. Yambani ndi mphindi 10, mutakhala pansi.

Ndalipira kale tikiti, filimu ili pakati, mutu wayamba. Nditani?

Siyani kuyendetsa maso paliponse. Mu filimu wamba mumatha kuyang'ana kumbuyo komwe kuli chimbuuzi osavutika, koma mu 3D ubongo umaganiza kuti ukalimbikira pawala, ndiye umangolimbana ndi chinthu chomwe kamera inachisiya chimbuuzi mpaka kalekale. Yang'anani pomwe wojambula akufuna, kawirikawiri nkhope ya amene akulankhula. Mutu ukhale wowongoka. Ngati mipando ilipo samukirani kumbuyo chapakati. Zikakanika tsinzinani diso limodzi kwa mphindi zingapo magalasi ali kumaso, filimu isanduka wamba ndipo maso apuma. Kuvula magalasi sikuthandiza, muona zithunzi ziwiri zosanjikizana.

Kwa amene amangoperekeza anzawo koma 3D sagwirizana nayo, pali kanzeru kena ngati magalasi ndi a RealD ndipo holoyo imalola kupita nawo kunyumba. Tengani awiri, chotsani kapulasitiki ka kumanja pa amodzi, mdule ka kumanzere ka enawo kuti kakwane nkukalowetsa pamenepo osakatembenuza kumbuyo kutsogolo, mumate ndi selotepi. Maso onse awiri aziona chithunzi cha kumanzere chokha. Mlamu wanga ake ndinamupangira otero, amawasunga mkabokosi ka mandala.